Penti wa nyumba ya m'tsinde mwa phiri ku Zomba: mmene tinasankhira khoma ndi khoma

Ntchito iyi ndinaigwira chaka chatha pa nyumba ina yomwe ili m'tsinde mwa phiri la Zomba, chakumtunda kwa tawuni, ndipo ndaona kuti ndiilembe yonse mmene inayendera chifukwa mavuto omwe ndinawapeza pamenepo ndi omwewo ndimakumana nawo m'nyumba zambiri kuno. Nyumbayo ndi ya zipinda zogona zitatu, balaza, khitchini, bafa ndi toileti mkati, kuseri kuli boyizi kota ndi mpanda wa njerwa. Inamangidwa ndi njerwa zootcha, pulasitala wa simenti, denga la malata, siling'i ya mabolodi. Eni ake ndi mayi achikulire ndithu, anapuma pa ntchito yauphunzitsi, ndipo ndalama zokonzera nyumbayo amatumiza ndi mwana wawo wamwamuna yemwe ali ku Joni.

Dandaulo lawo linali lakuti nyumbayo inapentedwa pasanathe zaka ziwiri koma penti wakunja anayamba kumatuka mvula yoyamba yomwe, mkatinso m'chipinda chakuseri khoma linatupa matuza m'munsi monse. Ndiye amayiwo atangondilonjera anati, "Amisiri, ine ndikufuna mundiuze penti wolimba kwambiri amene alipo m'mashopu muno, olo akhale wodula, ndatopa nazo zomangopenta chaka ndi chaka." Ndinawayankha kuti, "Mayi, dzina la penti ndikuuzani, koma mundilole kaye ndizungulire nyumbayi ndione makoma." Sindinkazemba funso lawo ayi, nkhani ndi yoti penti wolimba pa khoma lina amakhala yemweyo wowononga pa khoma lina, ndipo pa nyumba iyi makoma atatu mwa anayi akunja aja lililonse linali ndi vuto lakelake.

Khoma lakuseri ndi lomwe linali ndi nkhani yaikulu. Pulotiyo ndi yotsetsereka, pomanga anachita kudula dothi kuti apeze pafulati, ndiye khoma lakuserilo limayang'ana kuphiri ndipo pazaka zonsezi dothi lokokoloka linadzaunjikana mpaka kukwera kupitirira pomwe pali fuloo ya mkati. Magatala kunalibe, madzi a padenga amagwera pompo, a kumtunda nawonso amadzaima pompo. Amayiwo akuti nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 madzi anakhala kuseriko masiku angapo osaphwa. Amene anapenta poyamba uja, poona kuti khomalo limanyowa, anapaka gulosi, penti wamafuta wonyezimira uja, wakuda kuchokera pansi kufika cha m'chiuno, maganizo ake oti gulosi salowa madzi nde atchinga. Anthu ambiri amaganiza choncho, ndipo n'zoona gulosi salowa madzi, koma vuto ndi loti madzi a khoma ili samachokera kunja kokha, amakwera kuchokera m'dothi kudzera m'njerwa, ndiye ukamata gulosi kunja madzi aja amasowa potulukira, amakankha pentiyo kuchokera kumbuyo, ena amathawira mkati mwa nyumba, n'chifukwa chake m'chipinda muja munatupa. Ndinaboola tuza limodzi ndi sikilepa, mkati mwake munali timadzi tamatope ndipo kuseri kwa chikhungwa cha penticho kunali koterera ngati sopo. Kutereraku kuli ndi chifukwa chake: simenti ali ndi mphamvu yowotcha ija imakusuwa m'manja ukamaponda matope opanda magulovu, ndipo ikakumana ndi mafuta a mu gulosi pamalo onyowa imawasungunula, penti amafewa n'kusiya kugwira. Pomwe gulosi anali atamatuka kale panali ufa woyera wonyezimira, umenewo ndi mchere womwe madzi amautenga m'dothi ndi m'njerwa n'kuusiya pamwamba akamauma.

Pofuna kuti amayiwo aone okha, ndinadula kapulasitiki koyera pafupifupi hafu mita mbali zonse n'kukamata pa khoma la mkati ndi tepi kuzungulira konse osasiya mpata, china ndinamata pa khoma la pabalaza lomwe ndimadziwa kuti n'louma. M'mawa mwake cha pabalaza chinali gwa, cha kuchipinda chakuseri chinali ndi timadontho mkati ndipo pulasitala pansi pake anali atada. Ndi njira yosafuna ndalama, aliyense atha kuyesa kwawo asanawononge ndalama pa penti, bola pulasitikiyo ikhale usiku wonse.

Khoma la kum'mwera vuto lake linali lina, ndere zobiriwira ndi nkhungu yakuda, makamaka m'munsi mwa mawindo. Kuno miyezi yozizira dzuwa limadutsa chakumpoto, ndiye khoma loyang'ana kum'mwera limatha miyezi osawombedwa bwino, kuwonjezera apo chiperoni chija cha mu Juni ndi Julayi chimanyowetsa pang'onopang'ono tsiku lonse, komanso pafupi pompo pali mtengo waukulu wa mapeyala nthambi zake zinafika padenga. Khoma la kumadzulo linali louma bwinobwino koma losuluka, ndinangopititsapo chikhatho dzanja lonse linatuwa mbuu. Apa anapakapo PVA, penti wamadzi wotchipa wamkati, dzuwa lamasana linapsereza chomatira chake n'kutsala ufa wokhawokha. Kum'mawa kokha, komwe kuli khonde lalikulu, ndi komwe penti anali akadali bwino, fumbi basi.

Mwina ndifotokoze pang'ono za zomwe zili mu bigiri ya penti, chifukwa apa ndi pomwe pagona kusiyana kwa mitengo komwe anthu amadabwa nako. Mu penti muli utoto womwe umapereka kala, muli chomatira chomwe chimagwiritsa utotowo pa khoma, muli madzi kapena mafuta omwe amauluka penti akamauma, ndiye muli ufa wodzazira ngati choko. Chodula ndi chomatiracho ndi utoto weniweni. PVA wotchipitsitsa uja bigiri yake imalemera ndithu ndipo ukavundukula amaoneka wokhuthala, koma kukhuthalako ndi choko, chomatira n'chochepa, n'chifukwa chake ukapukuta ndi kansalu konyowa amachoka. Penti wotere ali ndi ntchito yake, pa siling'i pomwe palibe amakhudza ndi wabwino zedi. Acrylic naye ndi wamadzi koma chomatira chake n'cholimba, chimapirira dzuwa ndi mvula, sichiopa simenti, komanso chimalola nthunzi kutuluka pang'ono. Gulosi, ena amati enamelo, ndi wamafuta, amasungunulidwa ndi tapentaini kapena thinazi malinga ndi zomwe alemba pa chitini, malo ake ndi pa matabwa ndi zitsulo. Makampani omwe penti wawo timamupeza m'mahadiweya muno, kaya Rainbow kaya Dulux kaya Plascon, aliyense ali ndi magiredi osiyanasiyana, nde kungonena kuti ndagula wa kampani yakuti sikutanthauza kanthu ngati simunawerenge kuti bigiriyo ndi ya mkati kapena ya kunja.

Nditawafotokozera zonsezi panabuka nkhani ya nthawi. Unali mwezi wa Juni, ndipo mwana wawo uja poyankhula pa WhatsApp amafuna ntchito ithe mwezi womwewo. Ndinamuuza kuti, "Achimwene, mkati ndi khoma la kum'mawa titha kuyamba, koma khoma lakuseri mukalipenta pano ndalama zanu zipita m'madzi, liyenera liume kaye ndipo kuuma kwake si kwa sabata imodzi." Anadandaula ndithu, anafunsanso ngati kulibe penti wotseka chinyezi, poti kumeneko amaona m'mashopu. Alipo inde mapenti olembedwa choncho ndipo amathandiza pomwe chinyezi n'chochepa komanso gwero lake latsekedwa, koma dothi lonyowa litatsamira khoma palibe chitini chomwe chingalimbane nalo. Amayiwo ndi omwe anadula nkhani, anati ayi tiwamvere amisiriwa, tadikira kale pafupifupi zaka ziwiri ndi khoma lonyansali.

Ndiye ntchito yoyamba sinali ya burashi konse, inali ya khasu ndi wilibala. Anyamata anachotsa dothi lonse kuseri mpaka linatsika masentimita osachepera 15 pansi pa fuloo, ndipo pokumba tinaona kuti pulasitiki yakuda ija amayala pamwamba pa maziko yotchinga chinyezi pena ilipo pena palibe, yong'ambikang'ambika. Bilidala anawaka ngalande yotenga madzi a kumtunda kuwapititsa kumbali, anathiranso simenti wotsetsereka kuzungulira khoma kuti madzi azithawa nyumba, tinaika magatala, nthambi za mapeyala zija tinasadza. Pulasitala wakuseri kuchokera pansi kufika mita imodzi tinagumula yense, kunja ndi mkati, chifukwa anali wadzadza mchere ndipo ukagogoda amalira ngati mulibe kanthu. Njerwa tinazisiya pamtunda Julayi yense mpaka mu Ogasiti kuti zipume. Mchere ukatuluka timangousesa ndi burashi youma, osatsuka ndi madzi, chifukwa madzi amausungunula n'kuubwezanso m'njerwa momwemo. Utasiya kutuluka ndi pomwe bilidala anapaka pulasitala watsopano ndi mchenga wa kumtsinje wosefa bwino wopanda dothi, ndipo tinawerenga masiku 28 tisanayandikire ndi penti. Masiku amenewa ambiri amawadumpha, bilidala akamaliza Lachisanu Lolemba wopenta ali pa makwerero, koma simenti watsopano amakhala akadali ndi madzi ambiri komanso ukali uja, amadya kala ya penti n'kusiya mawangamawanga.

Podikira kuseri tinalowa mkati. Choyamba kunali kudziwa kuti penti wakale pa khoma lililonse ndi wamtundu wanji, chifukwa penti wamadzi sagwira pa gulosi wonyezimira. Ndimayesa ndi sipiliti wa pepo uja, kunyowetsa kansalu n'kukhula pang'ono, penti akafewa n'kutsalira pa nsalu ndiye kuti ndi wamadzi, akapanda kusuntha ndi wamafuta. Zipinda zogona zinali za PVA, koma kolido, khitchini ndi bafa anapaka gulosi wa kirimu kalekale, mwina pomwe nyumbayo inkamangidwa. Apa ndimasamala kwambiri ndipo ndikufuna anzanga opentanso amve. Mapenti amafuta akale, makamaka achikasu, ofiira ndi obiriwira, ambiri ankaikamo mtovu, ndipo kafukufuku yemwe bungwe la LEEP, lolimbana ndi vuto la mtovu, linachita mu 2020 anapeza mtovu wochuluka m'mapenti ena amafuta ogulitsidwa muno m'Malawi, kupitirira mlingo wa magawo 90 pa miliyoni (90 ppm) womwe mabungwe a zaumoyo amalimbikitsa, kenako a Malawi Bureau of Standards (MBS) anayamba kuikapo mtima pa nkhaniyi. Fumbi la penti wotere likalowa m'thupi mwa mwana limawononga ubongo, ndipo sizibwerera. M'nyumbamo munali zidzukulu ziwiri zazing'ono, ndiye ndinapempha kuti, "Mayi, ana awa asamalowe mbali yomwe tikukhula, zakudya ndi ziwiya zituluke kaye." Tinakhula ndi sandipepa wonyowetsa kuti fumbi lisauluke, osawotcha penti ndi moto, pansi tinayala mapulasitiki ndipo madzulo aliwonse timakolopa osati kusesa. Cholinga sichinali kuchotsa gulosi yense, kungopha kunyezimira kuti andakoti, penti wapansi yemwe amayamba womalizira asanapakidwe, apeze pogwira.

Khitchini inali yakuda mwaye chakumtunda chifukwa magetsi akathima amaphikira pa mbaula momwemo, ndipo pafupi ndi kuka panali mafuta omata. Mwaye ndi mafuta ukangopakapo penti wamadzi zimatulukiranso pamwamba, olo upake kanayi. Tinatsuka ndi madzi ofunda a sopo waufa, kutsukuluza, kudikira kuti paume, kenako andakoti wamafuta kutsekera madontho, pamwamba pake acrylic wonyezimira pang'ono wotheka kutsuka. Amayiwo amafuna gulosi woyera ngati kale poti sachedwa kupukuta, koma ndinawaonetsa kuseri kwa kabati mmene gulosi wakale anachitira chikasu, gulosi woyera amatero pamalo osafika kuwala, komanso fungo lake limakhala masiku m'nyumba mogona ana. Ku bafa chimodzimodzi, tinayamba tapha nkhungu ndi Jik, kapu imodzi ku makapu anayi a madzi, kupaka n'kusiya kwa kanthawi kenako kutsukuluza, mawindo ali otsegula, magulovu m'manja, ndipo osasakaniza Jik ndi mankhwala ena alionse otsukira chifukwa utsi wake ndi poizoni. Windo la ku bafako linali lokhomerera silimatseguka, kalipentala analikonza, apo ayi nkhungu ikanabweranso penti akhale wodula bwanji.

Pa siling'i ya pabalaza panali bwalo lofiirira la madzi odontha. Tinakwera padenga n'kupeza misomali iwiri yomasuka, tinatseka, bolodi litauma tinapaka andakoti wamafuta pa dontho lokhalo, ndiye siling'i yonse PVA woyera wamba. Zipinda zogona PVA wa giredi yapakati, wosanyezimira, chifukwa pulasitala wa m'zipindamo ndi wamabampu ndipo penti wonyezimira amaonetsa bampu lililonse dzuwa likalowa pa windo. Pabalaza ndi mu kolido momwe ana amayenda akukhudza makoma tinaika acrylic wotsukika. Apa ndi pomwe ndalama zinapulumukira, zodula zinapita pomwe pakufunika zodula.

Kuwerengera kwake kunali motere. Nyumbayo ndi mamita 12 mulitali, 9 mulifupi, kuzungulira ndi 42, kutalika kwa khoma mamita 2.7, zikupereka masikweya mita 113, kuchotsapo mawindo ndi zitseko kenako kuwonjezera nsonga ziwiri za m'mbali tinapeza pafupifupi 110. Makoti awiri ndi 220. Pa bigiri amalemba kuti lita imodzi imakwana masikweya mita angati, kawirikawiri pakati pa 8 ndi 10 pa khoma losalala, koma pulasitala wakunja wokhakhala amamwa, ndiye ine ndimawerengera 7, zomwe zikupereka malita 31 ndi pang'ono, nde tinagula mabigiri awiri a malita 20 kuti otsalawo asungidwe okonzera mtsogolo. Makoma a mkati onse pamodzi anali pafupifupi 260, makoti awiri 520, pa 9 ndi malita pafupifupi 58. Pogula ndinapita nawo limodzi amayiwo kuti aone zomwe ndimayang'ana: chivindikiro chikhale chosatsegulidwapo, deti lopangira lioneke, chizindikiro cha MBS pa penti wopangidwa konkuno, ndipo mabigiri a kala imodzi akhale a nambala ya batchi yofanana. Olo zili choncho ndimasakanizabe mabigiri awiriwo mu chidebe chimodzi chachikulu tisanayambe, chifukwa kusiyana kochepa komwe sikuoneka mu bigiri kumadzaonekera pakati pa khoma. Pa mashelefu ena mumapezeka penti wa m'mabotolo ndi m'zitini zopanda lebulo wotchipa kwambiri, ameneyo sindigula, sudziwa anathiramo chani.

Za kala zinatenga nthawi kuposa mmene ndimaganizira. Mwana wawo anatumiza chithunzi cha nyumba ya gireyi woderako kwambiri, wangati makala, akuti ndi zomwe zili m'fasho. Kukongola ndi yokongoladi, koma ndinawauza zomwe ndimaona: kala yakuda imamwa kutentha, khoma la kumadzulo lija mu Okutobala lizitentha mpaka usiku ndipo chipinda cha amayiwo chili mbali yomweyo, tizing'alu tating'ono ta mu pulasitala timatseguka msanga pa khoma lotentha ndi kuzizira choncho, komanso kusuluka ndi mchere woyera uja zimaonekera patali pa kala yakuda. Woyera mbee nayenso kuno savuta kuda, dothi lathu lofiira mvula ikamenya limathovukira m'munsi mwa khoma. Tinagula tizitini tating'ono titatu n'kupaka sikweya mita imodzi imodzi pa khoma lenilenilo, mbali ya dzuwa ndi mbali ya mthunzi, n'kuwauza amayiwo kuti aziyang'ana m'mawa, masana ndi madzulo, poti kakhadi ka mu shopu kamanama, kala ikafika pa khoma lalikulu panja imaoneka yowala kuposa pa khadi. Anasankha gireyi wowala wopita ku kirimu, ndipo m'munsi lamba wa masentimita 60 wa gireyi woderako kuti abise matope, mwana wawo naye anakondwa poti kala yake inalowako. Lambayo ndi wa acrylic yemweyo wakunja, osati gulosi.

Kunja tinayamba mu Seputembala chiperoni chitatha. Khoma la kumadzulo tinalikhula ndi burashi yawaya ndi madzi mpaka ufa uja unatha, pomwe dzanja limatuwabe tinapaka pulaima, penti woyambira, womanga ufa, wamadzimadzi uja amalowa mu pulasitala, chifukwa penti wabwino ukamupaka pa ufa amagwira ufawo osati khoma. La kum'mwera Jik kaye, kukhula, kutsukuluza, kuumitsa. Ming'alu ing'onoing'ono tinaikuza pang'ono ndi nsonga ya sikilepa n'kutseka ndi fila wakunja, wamkati uja ndi wa jipisamu akanyowa amafumbutuka. Pa pulasitala watsopano wakuseri tinabwerezanso zoyesa ndi kapulasitiki zija, zitatuluka zouma tinapaka pulaima wa pulasitala wopirira simenti, kenako makoti awiri a acrylic wakunja. Mkati mwa chipinda chakuseri pa pulasitala watsopano tinapaka pulaima yemweyo ndi penti wosanyezimira kuti khoma lizipuma, ndipo ndinawapempha kuti wadiropu asaigunditse kukhoma, pakhale mpata wolowa dzanja.

Dzuwa la Seputembala ndi Okutobala nalonso lili ndi vuto lake, khoma likatentha penti amauma asanagwire, rola imasiya mizere. Ndiye timayenda motsatira mthunzi, kumadzulo m'mawa, kum'mawa masana, ndipo sitiyamba mame asanaume. Madzi osungunulira timathira mmene alembera pa bigiri, kawirikawiri osapitirira gawo limodzi mwa magawo khumi pa koti yoyamba. Apa ndi pomwe eni nyumba ambiri amapwetekeka osadziwa, bigiri imodzi imasanduka ziwiri ndi madzi a pampopi, tsiku lomaliza ntchito nyumba imawala bwinobwino koma khungu la penti limakhala lopyapyala moti silingaone mvula ziwiri. Pakati pa koti ndi koti acrylic amafuna maola angapo, gulosi amafuna agone usiku wonse.

Zitsulo ndi matabwa sizinavute. Mafelemu a mawindo ndi zitsulo zotchinga akuba zinali ndi dzimbiri m'makona, burashi yawaya ndi sandipepa mpaka chitsulo chioneke, red oxide, pulaima wofiira wa zitsulo uja, tsiku lomwelo chisanagwirenso dzimbiri, andakoti, gulosi. Red oxide yekha si penti womalizira ngakhale mageti ambiri m'tauni muno amangosiyidwa choncho. Zitseko zakunja tinapenta ndi m'mphepete mwa pansi ndi pamwamba momwe, poti madzi amalowera mmenemo chitseko n'kuyamba kutupa mu Januwale.

Boyizi kota ndi mpanda zinali za laimu kuyambira kale, ndipo amayiwo amati tithirepo PVA wotsala. Ndinakana, penti aliyense wa mu bigiri ukamupaka pa laimu amamatuka m'mapepalamapepala pokhapokha laimu yense apalidwe mpaka pa pulasitala, ntchito yomwe ndalama zake sizikanagwirizana ndi phindu. Komanso laimu sindimamunyoza ine, pa khoma lonyowanyowa ngati mpanda wopanda chotchinga chinyezi amachita bwino kuposa mapenti odula, amapuma, nkhungu simukonda, ndipo mtengo wake ndi wochepa moti kubwereza chaka chilichonse sikupweteka. Kuipa kwake amadetsa zovala ukatsamira ndipo popaka ateteze maso. Tinapala womasuka, kunyowetsa khoma pang'ono, n'kupaka laimu wamadzimadzi makoti opyapyala.

Ndinapitako mvula itatha mu Epulo kukaona. Kumadzulo, kum'mwera ndi kum'mawa kunalibe chosintha, dzanja silimatuwa, ndere sizinabwerere kupatula kadontho pansi pa gatala lomwe linatsekeka ndi masamba a mapeyala, tinalitsegula n'kutsuka. Khoma lakuseri linali louma mbali yaikulu, m'chipinda muja fungo la chinyontho linatha, koma pa kona ya kumpoto chakumadzulo pomwe pulasitiki ya pa maziko inasoweratu mchere woyera unatulukanso kachigawo kotalika ngati chikhatho kuchokera pansi, penti osatupa koma ufa ukuoneka. Izi ndinali nditawauziratu amayiwo tisanayambe, kuti pamenepo pokha sindingalonjeze, ndiye tinangosesa ndi burashi youma ndipo tagwirizana kuti tiziona chaka ndi chaka, zikapitirira bilidala adzatsegule mzere wa njerwa pang'onopang'ono n'kulowetsa pulasitiki yatsopano pa konapo.

Denga tinalisiya dala chifukwa ndalama zinathera ku ngalande ndi magatala. Malata ake ndi osakanikirana, ena akale adzimbiri ena atsopano omwe anasinthidwa Freddy atadutsa, ndipo awiriwa safuna pulaima wofanana: adzimbiri akufunika kupalidwa ndi pulaima wa dzimbiri, atsopano onyezimira aja red oxide wamba sagwirapo, amafuna atsukidwe mafuta a kufakitale ndi pulaima wa malata a galvanised. Amayiwo amatunganso madzi a mvula a padenga mu thanki, ndiye penti wa pamenepo tidzasankha yekhayo wolembedwa pa bigiri kuti ndi woyenera denga lotungapo madzi, ndipo kotesheni yake ndawapatsa kuti ntchitoyo idzagwiridwe mu Ogasiti kusanatenthe kwambiri.